Mmene Tinasinthira Mabuleki a Galimoto Yakale ku Chemusa

Pamene akonzi a magazini yathu ino anapempha kuti aliyense alembe za chinthu chimene anaphunzira pa tchuthi, ine ndinasankha kufotokoza za mabuleki a galimoto. Ambiri a ife tikaona galimoto yokongola timafunsa kuti, "Kodi imathamanga bwanji?" Koma ndi ochepa amene amafunsa kuti, "Nanga imaima bwanji?" Inenso ndinali wotero kufikira tchuthi chapitachi, pamene ndinakakhala kwa amalume anga ku Chemusa.

Amene mumadziwa Blantyre mudziwa kuti Chemusa ali pa msewu wochokera m'tauni, wodzera ku Mbayani, wopita ku Chirimba ndi ku Kameza. Amalume ndi makaniko, ndipo galaja yawo ndi bwalo chabe lokhala ndi kashedi ka malata. Ntchito yanga inali yotsuka zitsulo ndi kuwapatsira masipanala.

Tsiku lina m'mawa panafika galimoto imene sindinaionepo chibadwire. Inali yaifupi, yofiira, yopanda denga, ya mipando iwiri yokha. Ana a m'deralo anaithamangira ndi kuizungulira. Munatuluka bambo wachikulire wa imvi, napereka moni kwa amalume, nakhala pa benchi. Galimotoyo inali MGA, yopangidwa ku Abingdon m'dziko la England. Magalimoto a mtundu umenewu anapangidwa kuyambira 1955 kufikira 1962, ndipo anali a anthu okonda liwiro. Bamboyo anaigula yakale kale pamene ankagwira ntchito ku Bulawayo, nabwera nayo kuno kumudzi atapuma ntchito.

"Amisiri," anatero bamboyo, "mdzukulu wanga akukwatiwa ku Chikwawa mwezi wamawa, ndipo ndinamulonjeza ali mwana kuti tsiku la ukwati wake adzakwera galimoto iyi. Sabata yatha ndinati ndiyese msewu. Ndili pakati pa chitunda chotsikira ku Chikwawa ndinamva fungo ngati la chinthu chopserera. Ndinaponda buleki, koma galimoto inangopitirira. Ndinapondanso ndi mphamvu zanga zonse, osaphula kanthu. Chinandipulumutsa ndi giya yaing'ono ndi buleki ya pamanja. Koma chodabwitsa n'chakuti nditakhala pambali pa msewu kwa ola limodzi, mabuleki aja anayambanso kugwira ngati sipanachitike kanthu. Kodi zimenezi si zamatsenga?"

Amalume anaseka pang'ono nati, "Iyayi bambo, palibe wakulodzani. Mabuleki anu anatentha." Mawu amenewa ndiwo mutu wa nkhani yanga yonse.

Buleki ndi mbaula

Aphunzitsi athu a sayansi anatiphunzitsa kuti mphamvu sitayika, imangosintha maonekedwe. Galimoto ikamayenda imakhala ndi mphamvu ya kuyendako, ndipo kuti iime, mphamvuyo iyenera kupita kwina. Ntchito ya buleki ndi kuisandutsa kutentha. Pakani manja anu awiri mwamphamvu m'mawa wa mu June, mudzamva akufunda. Buleki imachita chimodzimodzi, koma ndi mphamvu yoposa pamenepo kutali.

Nditabwerera kuno kusukulu ndinawerengera masamu ake. Galimoto yolemera makilogalamu 1,000, monga MGA ija mutakwera anthu, ikamathamanga makilomita 100 pa ola, kuiimitsa kamodzi kokha kumatulutsa kutentha kokwanira kubwatitsa lita imodzi ya madzi ozizira. Kutentha konseku kumabadwa pa masekondi owerengeka. Ndipo dziwani ichi: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene buleki iyenera kumeza imawirikiza kanayi. Woyenda makilomita 100 pa ola amapatsa mabuleki ake ntchito yoposa kanayi ya woyenda makilomita 50 pa ola.

Tsono taganizani za msewu wa ku Chikwawa. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene chigwa cha Shire ku Chikwawa chili pa mamita pafupifupi 100 okha. Galimoto ija ikatsika mamita 900 amenewa, mabuleki okha n'kumagwira ntchito yonse, kutentha kwake kungabwatitse madzi oposa ndowa ya malita 20. Chifukwa chake madalaivala odziwa amatsika chitunda chotere ndi giya yaing'ono, kuti injini ithandize kugwira galimoto, mabuleki apumeko.

Pali chinanso. Mukakwera minibasi, dalaivala n'kuponda buleki mwadzidzidzi, nonse mumagwera kutsogolo. Galimoto nayonso imatero: kulemera kwake kumatsamira pa matayala akutsogolo. Choncho mabuleki akutsogolo ndiwo amasenza ntchito yaikulu, kawirikawiri magawo awiri mwa magawo atatu kapena kuposerapo. N'chifukwa chake munthu wofuna kukonza mabuleki a galimoto yakale amayambira kutsogolo.

Mmene phazi limagwirira matayala anayi

Mwina mufunsa kuti phazi limodzi la nkhalamba lingaimitse bwanji chitsulo cholemera chotere. Yankho lili m'mafuta a mabuleki, amene amakaniko amati buleki fuluwidi. Blaise Pascal, katswiri wa ku France amene anakhala ndi moyo kuyambira 1623 kufikira 1662, anaonetsa kuti madzi otsekeredwa m'chotengera ukawapanikiza mbali imodzi, kupanikizikako kumafika mbali zonse mofanana. Dalaivala akaponda chopondera, amakankha pisitoni yaing'ono m'botolo lachitsulo lotchedwa master cylinder. Mafuta amakankhidwa kudzera m'mapayipi kufikira ku tayala lililonse, kumene amakankha mapisitoni ena. Ngati nkhope ya pisitoni ya kutayala ndi yaikulu kanayi kuposa ya kuphazi, mphamvu yake imakhalanso kanayi. Malcolm Loughead wa ku America ndiye analembetsa nzeru ya mabuleki a mafuta mu 1917, ndipo dzina lake, limene pambuyo pake linalembedwa kuti Lockheed, ndinaliona ndi maso anga pa zitsulo za galimoto ija.

Nzeru imeneyi imayenda chifukwa mafuta safinyika. Koma mpweya umafinyika. M'mapayipi mukalowa mpweya, kapena mafuta akabwata n'kusanduka nthunzi, phazi limangofinya mpweyawo ngati munthu woponda chinkhupule, ndipo ku matayala sikufika kanthu. Sungani mfundo imeneyi, pakuti idzabweranso ndikamafotokoza za manyazi amene ndinachita.

Dramu ndi disiki

Mabuleki a galimoto alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa dramu. Dramu lili ngati poto wachitsulo wozungulira pamodzi ndi tayala. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri zopindika ngati mwezi watsopano, zotchedwa mashuzi, zimene zimatambasuka ndi kukhuza khoma la potoyo. Louis Renault wa ku France anayamba kugwiritsa ntchito mabuleki otere mu 1902, ndipo anatumikira anthu zaka zambiri. MGA ya bambo uja inali ya mtundu woyamba, wotchedwa 1500, wokhala ndi madramu a mainchesi 10 ku matayala onse anayi.

Vuto la dramu ndi lomwe lija la poto wovundikira: kutentha sikutuluka msanga. Dramu likatentha limafutukuka, khoma lake n'kumathawa mashuzi, kotero kuti chopondera chimapita pansi kwambiri chisanagwire. Nawonso mashuzi akapsa amayamba kuterereka. Kutentha kukapitirira, mafuta omwe amabwata. Zonsezi zikazizira zimabwerera m'malo mwake, ndipo ndicho chifukwa chake mabuleki a bambo uja anayambanso kugwira atapuma ola limodzi. Matsenga ake anali omwewo.

Mtundu wachiwiri ndi wa disiki. Amene muli ndi njinga mwaona mmene timphira tiwiri timatsinira limu la tayala uku ndi uku. Disiki ndi mbale yachitsulo yosalala yozungulira pamodzi ndi tayala, ndipo pamwamba pake pamakhala chitsulo chonga chibwano chotchedwa kalipa. M'kati mwa kalipa muli mapisitoni amene amakankha mapadi awiri kuti atsine mbaleyo. Ubwino wake ndi uwu. Choyamba, disiki ili pamtetete, mphepo imaiomba mbali zonse, choncho imazizira msanga. Chachiwiri, ikatentha imanenepa kulowera kumene kuli mapadi, siwathawa ayi. Chachitatu, mukadutsa m'madzi, disiki imawamwaza pozungulira. Chachinayi, mapadi akamadyeka, mapisitoni amawatsatira okha, pamene madramu akale ngati aja ankafuna kuti makaniko aziwakoka kawirikawiri.

Frederick Lanchester wa ku Birmingham analembetsa nzeru ya buleki ya disiki mu 1902, chaka chomwe chija cha Renault, koma zipangizo za nthawi imeneyo sizinali zoyenera, ndipo nzeruyo inagona zaka pafupifupi makumi asanu. Inatchuka mu 1953 pa mpikisano wa Le Mans ku France, umene magalimoto amathamanga maola 24 osalekeza. Chaka chimenecho galimoto ya Jaguar C-type yokhala ndi madisiki a kampani ya Dunlop inapambana, oyendetsa ake ali Tony Rolt ndi Duncan Hamilton. Pofika pokhota, iwo ankachedwa kuponda buleki kuposa anzawo, chifukwa mabuleki awo sankatopa. Mu 1955 Citroën DS ya ku France inatuluka ndi madisiki kutsogolo, mu 1956 Triumph TR3 inatsatira, ndipo mu 1959 a MG nawo anatulutsa MGA 1600 yokhala ndi madisiki a mainchesi 11 kutsogolo ndi madramu kumbuyo.

Apa ndi pamene panagona mwayi wa bambo uja. Popeza 1500 ndi 1600 ndi pachibale, zitsulo za wamng'ono zimatheka kumangidwa pa wamkulu. Amalume analemba pa pepala zonse zofunika, bamboyo natumiza uthenga kwa mwana wake amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Patapita masabata awiri ndi theka katundu anafika pa basi: madisiki awiri, makalipa awiri, mapadi anayi, mahabu awiri ndi maberingi ake, tizitsulo togwiriza makalipa, mapayipi a mphira atsopano, ndi chivundikiro chachitali cha master cylinder.

Ndinafunsa kuti, "Malume, bwanji osangogula zitsulo za galimoto ina pa msika wa ku Ndirande n'kuziboola kuti zikwane?" Iwo anayankha kuti, "Mphwanga, pa chitseko kapena pa nyale ndikhoza kupeka nzeru zanga. Pa buleki sindipeka. Amene anapanga galimotoyi anayeza kuti mphamvu ya kutsogolo igwirizane ndi ya kumbuyo. Matayala akumbuyo akayamba kugwira akutsogolo asanagwire, galimoto imatembenuka n'kuyang'ana kumene yachokera."

Ntchito yeniyeni

Tinayamba m'mamawa. Tinaimika galimoto pamalo osatsetsereka, tinaika mitengo kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala akumbuyo, tinamasula pang'ono manati a matayala akutsogolo galimoto ikadali pansi, kenaka tinaikweza ndi jeke. Itakwera, amalume anaikhazika pa miyendo iwiri yachitsulo. Anandiuza kuti munthu asalowe pansi pa galimoto imene yagwidwa ndi jeke yekha kapena yosanjikidwa pa njerwa, pakuti jeke amatha kutsika ndipo njerwa imaphwanyika mosachenjeza.

Titachotsa tayala ndi dramu, m'katimo munali fumbi lakuda. Ine ndinatufumitsa masaya kuti ndiliuzire, koma amalume anandigwira paphewa msanga. Mashuzi akale ambiri ankapangidwa ndi asbestos, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda oopsa, ena a iwo khansa, amene amaonekera patapita zaka zambiri. Tinalipukuta ndi nsanza yonyowa, nsanzayo tinaimanga m'pepala la pulasitiki.

Tinachotsa mashuzi, masipuling'i, timasilinda tiwiri ta tayala lililonse, habu yakale, ndi mbale yakumbuyo imene zonsezi zimakhalapo. Pamalo pa mbaleyo tinamangapo kachitsulo kogwiriza kalipa. Kenaka tinamanga disiki pa habu yatsopano. Apa amalume anachedwapo kwambiri. Anapukuta nkhope ya habu ndi ya disiki kufikira panalibe kamchenga ngakhale kamodzi, chifukwa kanthu kakang'ono kakatsalira pakati, disiki imakhala mopendekeka, ndipo pozungulira imavina. Disiki yovina imagwedeza chiwongolero ndi chopondera nthawi iliyonse mukaponda buleki. Titaika girizi m'maberingi ndi kumanga habu, anabweretsa kachipangizo konga wotchi, kokhala ndi kamsomali kokhudza disiki, nazunguza disikiyo pang'onopang'ono akuyang'ana muvi. Anati kuvina kololedwa n'kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi kapena awiri.

Disiki yatsopano imabwera yopakidwa mafuta oletsa dzimbiri. Mafutawo tinawatsuka onse, ndipo amalume anandiletsa kugwira nkhope ya disiki kapena ya mapadi ndi manja a girizi. Padi imene yamwa mafuta ndi yotayidwa basi. Anandiphunzitsanso kuti madisiki ambiri amalembedwa m'mphepete nambala yosonyeza kupyapyala kumene disiki siyenera kupitirira. Ikadyeka kufika pamenepo iyenera kuchotsedwa, chifukwa chitsulo chopyapyala chimatentha msanga ndipo chikhoza kung'aluka. Lamulo lina ndi lakuti za mabuleki zimasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Mukasintha kumanja kokha, galimoto idzakokera mbali imodzi poima.

Mabawuti onse anamangidwa ndi sipanala yapadera imene imalira kuti "tha" mphamvu yoyenera ikakwana, monga mwa nambala zolembedwa m'buku la galimotoyo. Bawuti yosamangitsa imamasuka panjira, yomangitsa kwambiri imaduka. Mapayipi a mphira tinaika atsopano, pakuti akale anali ndi ming'alu. Pa master cylinder tinaikapo chivundikiro chachitali chija kuti muzilowa mafuta ambiri, chifukwa mapisitoni a kalipa ndi aakulu, ndipo mapadi akamadyeka, mafuta ambiri amatsikira ku matayala.

Mafuta akale tinawakhetsa onse. Anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo bamboyo sanakumbukire chaka chimene anawasintha. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sabwata kufikira madigiri 230, koma akamwa madzi akhoza kubwata pa madigiri 155. A DOT 3 amayambira pa 205 n'kutsikira ku 140. Chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amalangiza kuwasintha pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo botolo lake lisamakhale chitsegukire.

Manyazi anga

Dzuwa litapendeka, amalume anaitanidwa kukaona minibasi imene inafera pa siteji. Pochoka anati, "Ukapukute makalipa, ndikabwera timange." Koma ine, poona kuti ndadziwa zambiri pa tsiku limodzi, ndinati ndiwadabwitse. Ndinamanga makalipa onse awiri, ndinaika mapadi, ndinalumikiza mapayipi, ndi kubwezera matayala. Atabwera anandiyang'ana nati, "Wamanga wekha? Chabwino, tiye tibulide."

Kubulida ndiko kutulutsa mpweya m'mapayipi, ndipo kumafuna anthu awiri. Mmodzi amakhala pa mpando napopa chopondera, wina amakhala ku tayala ndi sipanala pa kabawuti kotulutsira mpweya, kamene amakatcha nipo. Amayambira tayala lakutali ndi master cylinder, namalizira lapafupi. Wa kutayala amati "Popa!", kenaka "Gwira!", natsegula kabawutiko kuti mafuta ndi thovu zituluke, natseka, ndipo pamenepo amati "Siya!" Amabwereza kufikira mafuta atuluke opanda thovu, akuonetsetsa kuti m'botolo la pamwamba mafuta asathe.

Kumbuyo kunayenda bwino. Tisanapite kutsogolo amalume anandiuza kuti tisinthane, iwo apope, ine nditsegule. Ndinatsegula ndi kutseka kufikira mkono unalema, mafuta akutuluka oyera bwino, koma iwo ankangoti, "Chikadali chofewa." Botolo lathunthu la mafuta linatha. Potsiriza anatsika, nagwada, nasuzumira kuseri kwa tayala, nandiitana.

"Mphwanga, ukatsegula botolo la Fanta, thovu limapita kuti?"

"Limakwera pamwamba, malume."

"Nanga nipo yako ili kuti?"

Ndinayang'ana, ndipo inali pansi. Kalipa wakumanja ndinamuika kumanzere, wakumanzere kumanja. Mabawuti analowa bwinobwino, koma makalipa onse awiri anali chadodolido, mpweya utakhala pamwamba pamene panalibe potulukira. Tikanapopa mpaka m'mawa osautulutsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tinamasula zonse, tinasinthanitsa, amalume anamanganso bawuti iliyonse ndi sipanala yawo ija, ndipo tinamaliza ndi tochi. Mtengo wa botolo la mafuta lija anandidula pa ndalama yanga ya sopo. Sanandikalipire, anangoti, "Ukanakhala wekha, n'kunena kuti bola pang'ono ikugwira, mkwatibwi uja akanatsika nayo Chikwawa ili choncho." Usiku umenewo nsima sinandikomere.

Kuyesa

M'mawa mwake, galimoto isanasunthe, amalume anaponda chopondera kangapo kufikira chinalimba, nachigwira kwa kanthawi kuti aone ngati chikutsika chokha. Tinayang'ana polumikizira paliponse ngati pakudontha. Kenaka anayendetsa pang'onopang'ono pabwalo, ndipo atakhutira tinapita ku msewu wopanda anthu ambiri, kupitirira Kameza. Kumeneko ankafika makilomita 50 pa ola, naponda buleki mofatsa kufikira galimoto itatsala pang'ono kuima, nayendanso kuti madisiki azizire. Anachita zimenezi kakhumi. Anati mapadi ndi disiki zatsopano ziyenera kuzolowerana monga phazi ndi nsapato, ndipo pa makilomita mazana angapo oyamba munthu apewe kuponda mwankhanza ngati palibe ngozi.

Bambo uja atabwera kudzatenga galimoto yake, amalume anamukhazika pansi namuuza zinthu zitatu zimene ine sindinayembekezere. Choyamba, chopondera chidzafuna mphamvu yochulukirapo kuposa kale, chifukwa mashuzi a m'dramu amakokedwa ndi dramulo n'kudzithandiza okha kugwira, pamene mapadi alibe thandizo lotero. Chachiwiri, chimene chimaimitsa galimoto pamapeto pake ndi tayala pa msewu. Matayala akakhala osalala kapena okalamba, ngakhale mabuleki akhale abwino chotani, galimoto idzaterereka. Madisiki sanaikidwe kuti galimoto iziima pafupi kwambiri pa kuponda koyamba, koma kuti kuponda kwa khumi kufanane ndi koyamba. Chachitatu, chitunda cha ku Chikwawa atsikebe ndi giya yaing'ono monga kale. "Ndakupatsani mabuleki abwino, bambo, sindinakupatseni chilolezo chothamanga." Bamboyo anaseka, koma anagula matayala awiri atsopano sabata yomweyo, napititsa galimotoyo kukayezedwa kuti ipatsidwe chiphaso cha COF.

Chimene tingatolepo

Ndidziwa kuti ambiri a ife sitidzakhala ndi MGA. Koma tonse timakwera minibasi potsekera ndi potsegulira sukulu, ndipo tonse timadutsa misewu. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndiye kuti dalaivala asanasunthe n'komwe phazi lake yayenda kale mtunda woposa kutalika kwa kalasi yathu. Musadumphe msewu modalira kuti woyendetsa akuonani ndipo aima.

Mukakhala m'galimoto, zizindikiro za mabuleki odwala ndi izi: kulira kwa chitsulo pa chitsulo poima, kukokera mbali imodzi, kunjenjemera kwa chiwongolero, dalaivala kupopa chopondera kawiri kapena katatu galimoto isanagwire, ndi fungo la kupserera potsika chitunda. Mukaona zotere musachite manyazi kulankhula mwaulemu, kapena kutsika n'kudikira ina. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kwa anzanga amene mumati masamu ndi sayansi n'zongolembera mayeso, ine ndinaona Pascal akugwira ntchito pansi pa shedi ya malata ku Chemusa. Amalume sanafike Fomu 4, koma zimene ife timaloweza pa bolodi iwo amazidziwa ndi manja, ndipo nditawaonetsa masamu a ndowa ya madzi ija anandipempha kuti ndiwalembere pa pepala, nalikhoma pa khoma la shedi kuti aziwaonetsa madalaivala.

Ukwati unachitika sukulu titatsegulira kale, kotero sindinapiteko. Koma amalume anandiuza pa foni kuti bamboyo anatsika chitunda chonse ndi giya yachiwiri, mabuleki osanunkha ngakhale pang'ono, ndipo mkwatibwi anachoka pa tchalitchi atakhala pambali pa agogo ake, chophimba kumutu chikuuluka ndi mphepo. Tchuthi chikubwerachi ndidzabwereranso ku Chemusa, ndipo amalume alonjeza kuti adzandiphunzitsa za kilatchi. Ulendo uno ndidzayamba ndafunsa ndisanamange kanthu.

Wophunzira wa Fomu 3